Sabata Imene Ndinatsuka Mbiya ya Apongozi

Lolemba

Mabuku atatu afika kusukulu lero. Atsopano, onunkhira guluu, chala sichinapitemo.

Anali pansi pa katoni ya mabuku amphatso. Ahedi awatembenuza uku ndi uku n'kuti, "Awa ndi a kuyunivesite, aphunzitsi. Pano tilibe ngakhale labu. Tengani, muzikaonera zithunzi." Ndawamanga pakaliyala ya njinga ndi mphira ziwiri, ndipo pamchenga pa kudambo ndinatsika n'kumakankha, kuopa kugwa nawo.

Ndiwalembe bwinobwino:

1. Lobiriwira: la mabakiteriya, tizilombo tosaoneka ndi maso.
2. Lofiira: la kemisitiri ya zinthu zokhala ndi kaboni, monga shuga, mafuta ndi sopo.
3. Labuluu: la kemisitiri ya zochitika m'thupi mwa zamoyo.

Zaka zonsezi ndaphunzitsa sayansi ndi buku limodzi lopanda chikuto, limene masamba ake oyamba anapita kalekale kukakulunga fodya. Lero ndili ndi mabuku oyambira poyambira!

Lamulo langa: kuwerenga motsatana, mutu ukatha ndiye wina, osadumpha. Osokoneza zinthu ndi anthu odumpha mitu.

Za pakhomo. Loweruka kuli dima kumunda kwa apongozi. Chaka chino dzina lawo latuluka pamakuponi, ndiye akufuna mizere yonse ithe mvula isanagwe, feteleza asadzapeze munda uli thengo. Anthu adzabwera ndi makasu awo, malipiro ake thobwa. Ambiri ndi amayi a chigwirizano, poti apongozi ndiwo amayambitsa nyimbo kumeneko. A Chisale, mkulu wa mpingo, nawonso alonjeza. Kunena zoona anthuwa sabwerera mizere. Amabwerera thobwa la apongoziwo, a Nabanda, lodziwika mpaka kumaesiteti.

Madzulo ndawerenga mitu itatu ya Lobiriwira pakhonde. Zimene ndapeza:

– tizilomboti timakonda pofunda, pachinyezi, pamene pali zotsalira za chakudya;
– timabisala m'ming'alu ya ziwiya;
– kamodzi kamasanduka tiwiri ola lisanathe.

Ndikutseka buku, maso agwera pa mbiya ya apongozi, kuseri kwa khitchini yawo. Inali ya amayi awo. Yaikulu yofika m'chiuno. M'kati mwake muli nkhoko zotuwa zochindikala ngati khungwa, chifukwa sopo sanalowemo chiumbireni. Amangotsukuluza ndi madzi n'kuvundikira.

Yofunda. Yachinyezi. Ya ming'alu. Anthu makumi awiri adzamwa zochokera mmenemo!

Ndatuma amake Tadala kuti akafunse amayi awo ngati mbiyayo ingalawe sopo. Mkamwini salankhula ndi apongozi ake maso ndi maso, ndipo zaka zisanu ndi zinayi mawu athu onse, kupatula moni wa kuseri kwa nkhokwe, akhala akudutsa mwa mkazi wangayu.

Yankho labwera msanga: "Akuti muwauze aphunzitsi kuti choko chawo ine sindichitsuka."

Si yankho la sayansi limenelo.

Lachiwiri

Apongozi ndi amake Tadala anyamuka mamawa kupita ku Boma kukaima pamzere wa feteleza. Akuti anthu akugona kudepoti komweko, ndiye atenga mphasa, mbatata yophika ndi makuponi omangidwa pamfundo ya chitenje. Abwera mawa. Tadala amusiya kwa azakhali ake.

Pakhomo tatsala awiri: ine ndi Mwandida, galu wa apongozi.

Ndaweruka kusukulu nthawi yabwino. Zida:

– sopo wochapira, theka la mtanda
– mchenga wa kudambo
– chisanza
– madzi owira, ndowa ziwiri
– kolorini amene alangizi azaumoyo amagawa wothira m'madzi akumwa
– supuni

Ntchito ya maola awiri ndi theka. Ndalowetsa mutu ndi phewa limodzi m'mbiya. Nkhoko zina zinakana mchenga, ndachita kupala ndi supuni. Pansi pa nkhokozo patuluka dothi lofiira, ndipo m'dothimo mukuoneka mizere ya zala za amene anaumba. Zala zazing'ono. Mtima unagunda pang'ono nditaziona. Ndikuganiza kuti n'chifukwa chowerama nthawi yaitali.

Ndili chiweramire, ndamva mawu kumbuyo. A Makwinja, tenanti wa paesiteti ya kuseri kwa dambo, kwawo ku Phalombe. Amadutsa pano akamapita kuchigayo.

"Aphunzitsi, mwataya chiyani mmenemo?"

Ndawauza kuti ndikupulumutsa miyoyo.

"Kwathu mkamwini akagwira mbiya ya apongozi timayamba tamufunsa ngati zovala zake wamanga kale," atero, n'kupitirira akuseka.

Anthu amaseka zimene sanawerenge.

Madzi omaliza, a kolorini, ndawasiya akhalemo theka la ola. Ndatsukuluza, ndaumitsa padzuwa, ndabwezera mbiya pamalo pake, mbale pamwamba, mwala pamwamba pa mbale, monga ndinaipezera.

Palibe adzandithokoza. Ntchito ya ukhondo ndi yotero, munthu sadziwa matenda amene sanadwale. Ndadya mbatata ndi tiyi mtima uli m'malo.

Mwandida waonerera zonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Lachitatu

Kusukulu, nthawi yopuma. Lobiriwira, mutu wachisanu ndi chiwiri.

Mutuwu ukukamba za mabakiteriya othandiza.

Mwachidule: si onse oipa. Ena ndiwo amasandutsa mkaka kukhala chambiko. Ndiwonso amasasitsa phala kuti likhale chakumwa. Amakhala m'ming'alu ya chiwiya chakale kudikira phala latsopano, n'chifukwa chake chiwiya chakale chimasasitsa msanga kuposa chatsopano. Ndipo kusasa kwawoko ndiko kumathamangitsa tizilombo toipa tija ta m'mutu woyamba.

Ndawerenga kawiri nditakhala pansi. Kachitatu nditaimirira.

Ndiye kuti dzulo ndapha antchito a apongozi. Onse. Iwo, ana awo ndi zidzukulu zawo, mtundu umene unayamba ntchito ine ndisanabadwe. Ndi kolorini!

Wolemba bukuli akanaika mutu umenewu koyambirira. Ndi kusakonza bwino nkhani kumeneku.

Masana. Apongozi ndi amake Tadala afika pamakabaza awiri, lachitatu litanyamula thumba limodzi. Feteleza wobereketsa anatha iwo asanafike pawindo, ndipo thumba labwerali theka lake ndi la banja lina, monga anagwirizanirana pamudzi. Onse awiri otuwa ndi fumbi. Apongozi abwerako ndi chimfine, mphuno zatsekeka. Ndikuchita manyazi kulemba kuti ndinathokoza Mulungu chifukwa cha chimfinecho.

Ndikuonerera pawindo. Apongozi achotsa mwala pambiya. Achotsa mbale. Asuzumira.

Kenako: "Mwandidaaa!"

Chigamulo chake n'chakuti galu anagwetsa mbale n'kunyambita mbiya yonse. Amuponyera chikuni, ndipo pano ali pachingwe pamtengo wa mango.

Mfundo zimene munthu woganiza akanatchula:

– lilime la galu silingafike pansi pa mbiya yofika m'chiuno;
– galu sapala ndi supuni;
– galu akatha kunyambita sabwezera mbale n'kuikapo mwala.

Palibe wafunsa maganizo anga. Ine sindinawapereke.

Ndapititsa theka la ndiwo zanga kumtengo wa mango mobisa. Wadya akundiyang'ana.

Amake Tadala pondithirira madzi osamba m'manja: "Manja anuwa akununkha ngati kuchipatala." Ndati ndi choko chatsopano.

Dzuwa litapendeka apongozi aphika phala m'mgolo, alisiya lizizire mpaka chala chipirire, athira chimera cha mawere. Sanawerenge buku lililonse, koma kutentha kumene adikira n'komwe Labuluu likunena kuti chimera chimagwira bwino ntchito. Ndaona pachithunzi.

Lachinayi

Mamawa aliphikanso kachiwiri n'kulithira m'mbiya. Masiku onse likafika masana limakhala litayamba kuluma lilime.

Ndikufika kuchokera kusukulu, ndapeza apongozi aima pambiya ndi chikho. Alawa. Atakasa. Alawanso. Uthenga wabwera kudzera mwa amake Tadala ngakhale sindinafunse: "Akuti lagona. Akuti mbiya yakwiya ndi malovu a galu."

Atatero avala bulauzi yawo yoyera, yosita ndi ayironi yamakala mpaka mizere ya m'manja kuthwa, apita kuchigwirizano. Amake Tadala awaperekeza.

Ndalawa. Phala la mwana. Lotsekemera, lofewa, lopanda mawu. Anthu akadzamwa izi Loweruka adzati dzanja la a Nabanda latha, ndipo chaka chamawa dima lawo lidzakhala la anthu anayi.

Ndatsegula Labuluu, pamutu wa mmene zamoyo zing'onozing'ono zimadyera shuga. Ndiganize mofatsa, popanda mantha:

a) Ndapha tizilombo.
b) Choyenera n'kubwezera tizilombo.
c) Tizilombo togulitsidwa pagolosale ndi tamtundu umodzi wokha: yisiti wa mandasi.
d) Ndikudziwa kuti yisiti amapanga mowa. Sindine mwana. Koma buku likuti amatero akasowa mpweya. Akaupeza wokwanira amangotulutsa thovu ndi madzi.
e) Choncho: yisiti, mbiya yosavundikira, kutakasa pafupipafupi.

Kusasa kwenikweni sikubwera, koma thovu lidzaluma lilime, ndipo munthu amene walima chiyambire mbandakucha sasiyanitsa.

Ndagula timapaketi titatu ta yisiti ndi paketi ya shuga, kuti antchito atsopanowa apeze chakudya. Wagolosale: "Mwayamba geni ya mandasi, aphunzitsi? Boma lachedwanso?" Ndati ndi zophunzitsira.

Ndathira. Ndatakasa ndi mthiko wawo womwe. Ndautsuka mthikowo ndi madzi okha. Ndaphunzira.

Mbale ndaisiya pambali. Mpweya ukulowa bwino. Ndakhala pakhonde ndi buku, ndipo pakatha mphindi khumi zilizonse ndikumapita kukatakasa.

Dzuwa likulowa abwera akuimba. Nyimbo yadukira pakati ataona mbiya ili yasa. Avundikira ndi mbale, pamwamba chiguduli, pamwamba chitenje, amanga ndi luzi m'khosi, n'kuikapo miyala iwiri. Iwiri, chifukwa cha galu.

Ndatumiza mawu akuti mpweya ndi wabwino kwa thobwa.

"Akuti ntchentche nazonso zimanena zomwezo."

Lachisanu

Mbiya ikulira! Ukaima pafupi ukumva ngati njuchi m'mphako. Chitenje chafufuma, mbale ikunjenjemera pansi pa miyala.

Apongozi aombera m'manja: "Yadzuka!" Mwandida amumasula. Sanabwere kwa ine.

Kusukulu ndabwerera patsamba la dzulo, kufuna kudzitsimikizira kuti cholakwa ndi miyala iwiri ija. Pansi penipeni pa tsambalo pali timalemba ting'onoting'ono, tofuna kuyandikiza buku kumphuno. Tikuti yisiti wa mtundu wa buledi akapeza shuga wambiri amapanga mowa ngakhale mpweya ulipo.

Shugayo ndinathira ndine. Paketi yonse.

Miyala ilibe mlandu. Galu alibe mlandu. Mndandanda wa oimbidwa mlandu ukufupika tsiku ndi tsiku.

Ndaphunzitsa Fomu 3 za mizu ya nyemba. Ndimve ana akuseka, ndicheuke pabolodi, ndajambula mbiya.

Lofiira lili ndi njira: mowa umauluka msanga kuposa madzi. Thobwa likawiritsidwanso, mowawo uthawa, yisiti afa. Zoona zenizeni, zosatsutsika! Ndapalasa njinga ngati wothawa mvula, ndatuma amake Tadala.

"Akuti thobwa limaphikidwa kawiri. Chophikidwa katatu ndi chikopa cha ng'ombe. Akutinso kodi aphunzitsi sabata ino akufuna ndiwabwereke chitenje?"

Njira zotsala:

1. Kugwetsa mbiya ngati mwangozi. Ayi. Zala zija.
2. Kuthiramo madzi. Yadzaza mpaka m'khosi.
3. Kumwa lonse ndekha. Ndawerengetsera, sizitheka.
4. Kunena zoona.

Ndinayesa yachinayi. Apongozi anali kupeta mphale kuseri kwa nkhokwe. Ndinaima mbali inayi, nkhokwe pakati pathu monga mwa mwambo, n'kutsokomola.

"Kuli bwanji uko?" anafunsa apongozi.

Mawu onse ndinali nditawakonza, motsatana, kuyambira Lachiwiri. Chimene chinatuluka: "Ndimati mwaswera bwanji."

"Ndaswera. Mawa mulawirire, chingwe cha mizere mukagwira ndinu."

Ndinathokoza. Ndinathokoza!

Iwo atapita kudambo ndinaganiza zoyeza, poti mwina ndikudandaula ndi kanthu kochepa. Ndamasula luzi, ndatunga kapu imodzi.

Chomvetsa chisoni n'chakuti likukoma. Sindinamwepo lokoma chonchi.

Kapu yachiwiri, yotsimikizira, poti muyeso umodzi si umboni. Makutu atentha. Nkhuku inadutsa ikuyenda ngati ahedi, ndinaseka ndekha mpaka kugwira chipupa.

Umboni wakwana.

Loweruka

Ndilemba motsatana, monga zachitikira.

Mbandakucha. Anthu makumi awiri ndi awiri. Amayi a chigwirizano khumi ndi asanu, a Chisale, abambo ena a pamudzi, ndi a Makwinja amene sanaitanidwe koma abwera ndi khasu lawo. Ine ndagwira chingwe. Mizere yoyamba yowongoka ngati yolemba ndi rula. Nyimbo yodekha, makasu akugwa pamodzi. Mpaka apa linali dima labwino kuposa onse amene ndawaona.

Dzuwa litakwera, ndowa zitatu zafika pamitu. Takhala pansi pa mtengo wa muwanga. A Chisale avula chipewa kupempherera chakumwa. Apempha kuti chitipatse mphamvu ndi chimwemwe. Ndinatsegula diso limodzi, thovu linali likusefukira m'mbali mwa ndowa.

Kapu yoyamba. Kenako mayi wina: "Anabanda, dzanja lanu silikalamba!" Wina: "Chaka chino mbiya yachita kubadwanso." Apongozi akumwetulira, akupukuta mphuno, akutungira aliyense modzaza.

A Chisale anasiya mowa Tadala asanabadwe, ndipo umboni wawo amaupereka chaka chilichonse. Anamwa pang'ono, n'kuima. Anayang'ana patali, ngati munthu amene wakumana pamsika ndi mnzake amene analumbira kuti sadzamupatsanso moni. Kenako anamaliza kapu. Anapempha ina, kuti amvetsetse.

A Makwinja: "Mayi, mukanandiuza kuti ndi dima la chonchi, ndikanabwera ndi esiteti yonse."

Ine ndikumwa madzi. A Chisale: "Aphunzitsi simukulawa?" Ndati m'mimba.

Tabwerera kumizere. Zimene ndaona ndi maso anga:

– nyimbo yamaliro ikuimbidwa mothamanga ngati ya ukwati;
– chingwe changa palibenso akuchiyang'ana;
– gulu lina layambira kumtunda, lina kumunsi, kuti akumane pakati. Sanakumane. Adutsana;
– mizere isanu ndi iwiri yalimidwa m'munda wa eni ake a kumalire, yokongola ndithu;
– mzere umodzi wazungulira chulu n'kubwerera pamene unayambira;
– a Nasimango, msungichuma wa chigwirizano, agona chagada mumkwasa, pakati pa mizere, akuitana amayi mmodzimmodzi n'kumawauza zimene akhala akuwaganizira chiyambire.

Ndowa zinanso ziwiri zinabwera. Ndinayesa kunena kuti dzuwa lakula, anthu amwe madzi. Anandiyankha ndi nthungululu.

Kenako apongozi. Makapu atatu, mphuno zotseka, osakayika kanthu. Anaponya khasu, anamanga chitenje m'chiuno, n'kulowa pakati kuvina chimtali. Mayi wamasiye, woyambitsa nyimbo kutchalitchi. Mkamwini sayenera kuona zoterezi. Ndinatembenuka n'kuyang'ana chulu kwa mphindi makumi awiri. Ndikuchidziwa bwino tsopano chulucho. Chili ndi mabowo khumi ndi anayi.

Zikanathera pomwepo mwina anthu akanangoti linali tsiku la chimwemwe. Koma a Makwinja, akunyambita kapu, anakweza mawu ndi mtima woyamikira: "Koma masese awa, mayi, ngakhale kwathu saphika chonchi!"

Nyimbo inafa. Makasu anaima.

A Chisale anaimirira atatsamira khasu. Anayesa kuvala chipewa, chinagwa, anachisiya. "Mayi Nabanda, ine ndimati mwina lilime langa likunama. Nkhani iyi ikafika kubwalo la mpingo. Chotsala chisatayidwe. Ndi umboni."

Apongozi: "Ine? Mowa? Ine?" Anayang'ana amayi anzawo mmodzimmodzi. Onse anayang'ana pansi, kupatula a Nasimango amene anali m'tulo. Anamasula chitenje m'chiuno pang'onopang'ono, anadzifunditsa kumutu, n'kukhala pamzere.

Panali bata lokwana munthu kupuma kakhumi. Ndinawerenga. Nthawi yokwanira bwinobwino kunena kuti, "Ndine." Ndi mawu amodzi.

Ndinawerama n'kuyamba kukulunga chingwe.

Theka la munda lili bwino. Theka linalo liyenera kufafanizidwa n'kulimidwanso. Anthu abalalika osatsanzika. Apongozi abwerera kunyumba okha, njira ya kuseri.

Lamulungu

Kutchalitchi apongozi akhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khomo, pamene pamakhala amayi a ana olira. Nyimbo wayambitsa wina. Anaitengera pamwamba kwambiri, pofika ndime yachiwiri anthu anali akungotsegula pakamwa.

Titatuluka akulu ampingo awaitanira kuseri. Chigamulo chongoyembekezera: asavale bulauzi yoyera, asayambitse nyimbo, mpaka bwalo litakhala Lachitatu. A Chisale nawo adzineneza okha kuti anamwa makapu awiri. Ena akuti anali anayi. Tsiku lonse akuyenda mosamala ngati asenza mazira pamutu.

Kunyumba apongozi sanadye. Bulauzi aipinda n'kuiika pansi penipeni pa sutikesi. Amake Tadala akuti amayi awo atsimikiza kuti mbiya yalowa choipa, ndipo mawa akaiswa kudzala. Galu akamupereka kuesiteti.

Ndinadikira Tadala apite kukasewera. Ndinamuuza mkazi wanga zonse, motsatana: sopo, kolorini, mutu wachisanu ndi chiwiri, yisiti, timalemba ta pansi pa tsamba. Anandisiya ndimalize, akusenda nyemba.

"Za kutsukazo ndinadziwa Lachitatu. Za yisiti ndamva dzulo madzulo, wagolosale atandifunsa kuti mandasi athu atuluka liti."

Ndinafunsa chifukwa chimene sananenere.

"Ndimadikira ndione ngati mwamuna wanga ali ndi pakamwa."

Ndinamupempha kuti akawafotokozere amayi, mofatsa, monga amachitira masiku onse.

"Zaka zisanu ndi zinayi ndanyamula mawu anu, abwino ndi opusa omwe. Awa ndi olemera. Munyamule nokha."

Palibe chotsutsa. Ndafufuza, palibe.

Zimene zachitika kuyambira pamenepo:

– Ndaimbira foni malume ku Mwase, poti ndiwo ankhoswe anga. Anaseka mpaka foni inaduka. Ataimbanso sanali kuseka. Afika mawa mamawa, ndipo akuti ndisavale tayi.
– Amake Tadala avomera kunyamula mawu amodzi okha: kuti mbiya isasweke ankhoswe asanafike.
– Ndagwira tambala wathu wofiira, wokapepesera. Ali m'dengu.
– Ndalembera a Chisale kakalata koti Lachitatu woyenera kuima pabwalo ndine. Ndakapereka ndekha. Anawerenga kawiri, n'kundiuza kuti ndidzabwere ndi bukulo, ndiponso kuti ndisalankhule mokweza.
– Umboni watsala ndowa imodzi ndi theka. Uli m'chipinda chathu, poti kwa apongozi sukufunika. Ukulirabe.

Ndayang'ana m'Lobiriwira ngati antchito aja angabwerere. Angabwerere, okha, pang'onopang'ono, mbiya ikamagwiritsidwa ntchito ndipo munthu wina akapanda kuithandiza. Adzakhala ena, osati omwe aja. Izi sindidzazitchula mawa.

Mizere yokhota ndikailimanso ndekha ndikamaweruka. Ndawerengetsera masiku asanu ndi atatu, mvula ikadikira. Kumpoto kwayamba kale mitambo.

Mawa dzuwa lisanatuluke ndikakhala pansi kuseri kwa nkhokwe, malume kumanja, tambala kumanzere, ndipo ndikanena ndi pakamwa panga. Ndafunsa amake Tadala ngati amayi awo akakalipe kwambiri. Akuti ayi, sakalipa konse. Akangoti, "Zikomo aphunzitsi, mwatiphunzitsa." Ndipo azinena zimenezo m'mawa uliwonse, kuseri kwa nkhokwe, mpaka tidzakolole.